Jean-Michel Basquiat

Jean-Michel Basquiat (22 Disembala 1960 – 12 Ogasiti 1988) anali katswiri wojambula zithunzi ndi penti wa ku United States of America. Bambo ake anali ochokera ku Haiti, pomwe makolo a mayi ake anali a ku Puerto Rico. Anayamba kudziwika ali mnyamata chifukwa cholemba mawu pa makoma a nyumba mumzinda wa New York, ndipo pasanathe zaka zisanu zithunzi zake zinali zikuonetsedwa ku Italy, Germany, Switzerland ndi Japan. Zambiri mwa ntchito zake zimakamba za ukapolo, utsamunda, nkhanza za apolisi, ndi mmene anthu akuda aluso amadyeredwa masuku pamutu. Anamwalira ali ndi zaka 27 atamwa mankhwala ozunguza bongo mopitirira muyeso. Mu 2017 chithunzi chake china chinagulidwa pa mtengo wa madola 110.5 miliyoni.

Banja ndi ubwana wake

Basquiat anabadwira ku Brooklyn, limodzi mwa madera asanu a mzinda wa New York. Bambo ake, a Gérard Basquiat, anabadwira ku Port-au-Prince, likulu la dziko la Haiti, ndipo atasamukira ku America ankagwira ntchito yowerengera ndalama za makampani. Mayi ake, a Matilde Andrades, anabadwira ku Brooklyn konko. Mwana woyamba m'banjali, Max, anamwalira Jean-Michel asanabadwe. Pambuyo pake panabadwa alongo ake awiri, Lisane mu 1964 ndi Jeanine mu 1967.

Pali nkhani yomwe inafala kwambiri yakuti Basquiat anali mwana wa mumsewu amene anatulukira kuchokera mu umphawi wadzaoneni. Izi si zoona. Banja lake linali lopezako bwino, bambo ake anali ndi ntchito ya mu ofesi, ndipo kwa kanthawi mwanayu anaphunzirapo pa sukulu yolipira. Mapepala amene ankajambulapo ali wamng'ono anali omwe bambo ake ankabwera nawo kuchokera ku ntchito. Mayi ake, omwe nawonso ankakonda kujambula, ankamutenga kukaona zithunzi ku Brooklyn Museum, Museum of Modern Art ndi Metropolitan Museum of Art, ndipo ali ndi zaka 6 anali kale ndi khadi la umembala wa ana ku Brooklyn Museum. Pofika zaka 11 ankayankhula ndi kuwerenga Chingerezi, Chifalansa ndi Chisipanishi.

Mu 1968, ali ndi zaka 7, anagundidwa ndi galimoto akusewera pa msewu. Anathyoka mkono, anavulala mkati, ndipo madokotala anamuchotsa kapamba. Anagona m'chipatala pafupifupi mwezi wathunthu. Kuti asamangoganiza za ululu, mayi ake anamubweretsera buku la madokotala lotchedwa Gray's Anatomy, lomwe lili ndi zithunzi za mafupa, mitsempha ndi ziwalo zam'kati mwa munthu, chiwalo chilichonse ndi dzina lake pambali. Mphatso yotere kwa mwana wodwala ndi yodabwitsa ndithu, koma bukuli linamulowa m'mutu moyo wake wonse. Zigaza, nthiti, mano, ndi chizolowezi cholemba dzina pafupi ndi chinthu chomwe wajambula, zonsezi zinachokera pa bedi la m'chipatala lija.

Chaka chomwecho ukwati wa makolo ake unatha ndipo ana anatsala ndi bambo awo. Patapita zaka zochepa mayi ake anayamba kudwala matenda a m'maganizo, ndipo kuyambira pamenepo ankangolowa ndi kutuluka m'chipatala. Mu 1974 banjali linasamukira ku San Juan, ku Puerto Rico, chifukwa cha ntchito ya bambo, n'kubwereranso ku Brooklyn mu 1976. Mnyamatayu sankamvana ndi bambo ake, omwe anali okhwimitsa mwambo pakhomo. Ali ndi zaka 15 anathawa kunyumba n'kumakagona pa mabenchi ku Washington Square Park mpaka apolisi anamubweza kwawo.

SAMO

Atalephera kukhazikika m'sukulu zingapo, anamulembetsa ku City-As-School, sekondale ya ku Manhattan yomwe inkalandira ana anzeru koma osagwirizana ndi kaphunzitsidwe ka masiku onse. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi Al Diaz, yemwe anali atayamba kale kulemba pa makoma ndi pa sitima. Awiriwa anapeka dzina loti SAMO, lomwe ndi chidule cha mawu achipongwe a m'Chingerezi otanthauza kuti zinthu ndi zomwezomwezo za masiku onse.

Nthawi imeneyo achinyamata ambiri ku New York ankalemba maina awo ndi penti wopopera pa sitima zoyenda pansi pa nthaka, m'zilembo zikuluzikulu zamitundumitundu. Mchitidwewu umatchedwa graffiti ndipo unali woletsedwa ndi lamulo. A SAMO ankachita zosiyana. Iwo ankalemba ziganizo zazifupi m'zilembo wamba, zina zoseketsa, zina zonga mwambi wosamveka msanga, zonyodola andale, achipembedzo onyenga, anthu achuma ndi ophunzira odzimva. Amene anawerengapo mawu olembedwa kumbuyo kwa minibasi kapena m'mbali mwa maboti a asodzi kunyanja akhoza kumvetsa mtundu wa zolembazi: mawu ochepa omwe munthu amawawerenga akudutsa koma n'kumawaganizirabe atafika kunyumba. Malo omwe ankasankha analinso ndi cholinga. Ambiri anali ku SoHo, dera lomwe kunali nyumba zogulitsira zithunzi, kuti eni ake ndi ogula aziona dzinalo tsiku ndi tsiku.

Mu 1978 Basquiat anasiya sukulu atachita chipongwe kwa mphunzitsi wamkulu pa mwambo wa ophunzira omaliza, ndipo chaka chomwecho anachokeratu pakhomo pa bambo ake. Ankagona kwa anzake, lero uku mawa uko, n'kumapeza ya chakudya pogulitsa mapositikhadi ndi malaya omwe ankajambulapo yekha. Mu Disembala 1978 nyuzipepala ya The Village Voice inalemba nkhani yokhudza SAMO. Chaka chotsatira anayamba kuonekera pa pologalamu ya pa wailesi ya kanema yotchedwa TV Party, ya Glenn O'Brien, komanso iye ndi Michael Holman anayambitsa gulu loimba lomwe pambuyo pake analitcha Gray, potengera buku la madokotala lija. Ubwenzi wake ndi Diaz utasokonekera, Basquiat analemba pa makoma a ku SoHo kuti SAMO wafa, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1980 nkhani ya SAMO inali itatha.

Kutchuka

Mu Juni 1980 ntchito yake inaonetsedwa pagulu koyamba pa The Times Square Show, chionetsero chomwe ojambula ambiri achinyamata anachikonza okha m'nyumba ina yomwe inali itasiyidwa. Kumapeto kwa chakacho anasewera ngati mwini nkhani mu filimu yomwe inadzatuluka mochedwa kwambiri, mu 2000, ndi dzina loti Downtown 81. Woimba Debbie Harry wa gulu la Blondie ndiye anagula chimodzi mwa zithunzi zake zoyambirira, Cadillac Moon, pa madola 200.

Zinthu zinasinthiratu mu Febuluwale 1981 pa chionetsero cha New York/New Wave chomwe Diego Cortez anakonza ku P.S.1. Ogulitsa zithunzi akuluakulu anaona ntchito za mnyamata wa zaka 20 ameneyu ndipo anayamba kumulimbirana. Mu Meyi chaka chomwecho anachititsa chionetsero chake choyamba cha yekha ku Modena, m'dziko la Italy, kwa Emilio Mazzoli. Mu Disembala, René Ricard analemba nkhani yomutamanda mu magazini ya Artforum, ndipo dzina lake linafika kwa onse otsata zaluso.

Ku New York, mayi wina wogulitsa zithunzi, Annina Nosei, anamupatsa penti, zinsalu zojambulapo ndi chipinda chapansi pa sitolo yake kuti azigwiriramo ntchito. Ogula ankatsikira m'chipindamo kukaona zithunzi penti asanaume, ndipo zina zinkagulitsidwa mwini wake asanakhutire kuti zatha. Mphekesera zinafala kuti mayiyu watsekera kamnyamata kakuda m'chipinda chapansi kuti kazimupangira ndalama. Basquiat ankadana nayo nkhaniyi. Ankati akanakhala mzungu anthu akanangonena kuti wojambula wapatsidwa malo ogwirira ntchito. Komabe kugulitsa zithunzi zosatha kunamukwiyitsa, ndipo mu 1982 anasiyana ndi Nosei.

Ambiri amati 1982 ndicho chaka chomwe anajambula zithunzi zake zabwino koposa. Mu Malichi anachita chionetsero kwa Nosei, kenako ku Los Angeles kwa Larry Gagosian, ku Zurich kwa Bruno Bischofberger, ndi ku Fun Gallery ku New York. Mu Juni, ali ndi zaka 21, anali wamng'ono pa ojambula onse omwe anaitanidwa ku documenta 7, chionetsero chachikulu chomwe chimachitika ku Kassel, m'dziko la Germany, kamodzi pa zaka zisanu. Anabwereranso ku Modena komwe anajambula zinsalu zikuluzikulu 8 m'masiku ochepa, koma chionetsero chomwe ankakonzekera chinalephereka, ndipo iye pambuyo pake ankafanizira ulendowo ndi kugwira ntchito mu fakitale. Mu 1983 anali m'gulu la ojambula a Whitney Biennial, ndipo analipirira ndi kujambula chikuto cha nyimbo ya rap yotchedwa Beat Bop, ya Rammellzee ndi K-Rob.

Kajambulidwe kake

Munthu amene akuona chithunzi cha Basquiat koyamba akhoza kuganiza kuti wajambula ndi mwana. Mizere ndi yokhotakhota, mitu ndi yaikulu kuposa matupi, penti amayenderera, ndipo paliponse pali mawu, ena olembedwa kawiri katatu, ena okhwatchidwa. Koma iye ankadziwa bwino ntchito za Pablo Picasso, Cy Twombly, Jean Dubuffet ndi zolemba za Leonardo da Vinci, ndipo kajambulidwe kooneka ngati kosaphunzira kameneka anachita kukasankha. Ngakhale kukhwatcha mawu kunali kwadala: anafotokozapo kuti mawu okhwatchidwa ndi amene munthu amafunitsitsa kuwawerenga.

Ankagwiritsa ntchito penti wa acrylic, makrayoni amafuta, penti wopopera, ndi mapepala a fotokope omwe ankawamata pa chinsalu. Asanakhale ndi ndalama zogulira zinsalu ankajambula pa zitseko, mafelemu a mawindo, matabwa otola m'misewu, ngakhale pa chitseko cha firiji, ndipo atalemera sanasiye. Pogwira ntchito wailesi ya kanema imakhala ikuyankhula, nyimbo zikulira, mabuku ali chitsegulire pansi, ndipo chilichonse chomwe wamva kapena kuwerenga chinkatha kulowa m'chithunzi. Mwa mabuku omwe ankatapamo munali la Henry Dreyfuss la zizindikiro, lina la zojambula zakale za pa miyala ya mu Africa, ndi Flash of the Spirit la Robert Farris Thompson, lomwe limafotokoza mmene zikhulupiriro ndi luso la Ayoruba, Akongo ndi mitundu ina zinawolokera nyanja ndi akapolo n'kukamera ku Haiti, Cuba ndi Brazil.

Chizindikiro chake chodziwika kwambiri ndi chisoti chachifumu cha nsonga zitatu. Anthu omwe ankawaveka chisotichi, kapena kuwajambulira kuwala kozungulira mutu ngati oyera mtima a m'tchalitchi, nthawi zambiri anali amuna akuda amasewera ndi oimba: ankhonya monga Jack Johnson, Joe Louis, Sugar Ray Robinson ndi Muhammad Ali, wosewera baseball Hank Aaron, ndi oimba jazz monga Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie. Chifukwa chake chinali chakuti m'nyumba zosungiramo zithunzi zomwe ankapitako ali mwana munali mafumu ndi olemekezeka achizungu okhaokha, ndipo anthu ofanana naye sankaonekamo.

Ulemu umenewu sunali wachisangalalo chokha. Chithunzi cha St. Joe Louis Surrounded by Snakes, cha mu 1982, chikuonetsa wankhonyayo atakhala pansi, atazunguliridwa ndi anthu omwe mutu wa chithunzicho ukuwatcha njoka. Joe Louis anapata ndalama zambiri pa nkhonya koma anathera m'ngongole za msonkho, ndalama zake zitadyedwa ndi omuzungulira. Charlie Parker, yemwe akukumbukiridwa mu Charles the First ndi Horn Players, anamwalira ali ndi zaka 34 thupi litatheratu ndi heroin ndi mowa. Basquiat ankadziwa bwino mmene nkhani za anthu amenewa zinathera, ndipo pozijambula iye mwini anali atalowa kale m'njira yomweyo.

Ukapolo, utsamunda ndi apolisi

Basquiat sanali mtsogoleri wa bungwe kapena wokonza zionetsero za m'misewu. Amene amamutcha womenyera ufulu amatero chifukwa cha zomwe anaika m'zithunzi zake, ndiponso chifukwa cha malo omwe zithunzizo zinakapachikidwa, m'nyumba za anthu olemera omwe sankayembekezera kukumbutsidwa nkhani zoterezi pa khoma la pabalaza pawo.

Mbiri ya dziko la bambo ake ili m'ntchito zake. Haiti poyamba inali chigawo cha France chotchedwa Saint-Domingue, komwe akapolo ochokera ku Africa ankalima nzimbe ndi khofi. Mu 1791 akapolowo anaukira, ndipo mu 1804 anakhazikitsa dziko lodziimira palokha. Mtsogoleri wawo wotchuka, Toussaint Louverture, yemwe anafera m'ndende ku France mu 1803, ali m'mutu wa chithunzi china cha Basquiat cha mu 1983. Mbiri imeneyi siili kutali ndi kuno monga mmene mapu amaonetsera. M'zaka za m'ma 1780 zombo za Afalansa zinkanyamulanso akapolo ku gombe la Mozambique kupita nawo ku Saint-Domingue, ndipo misika ya ku gombe limenelo inkalandira anthu ndi minyanga kuchokera kumtunda, kuphatikizapo madera ozungulira nyanja ya Malawi.

Slave Auction, cha mu 1982, chikuonetsa chombo pakati pa nyanja, nkhope za anthu ogulitsidwa, ndi wogulitsa wovala chipewa chachitali atatambasula manja. Chaka chomwecho anajambula Natives Carrying Some Guns, Bibles, Amorites on Safari, momwe muli munthu wakuda atasenza bokosi pamutu pafupi ndi mzungu wonyamula mfuti, ndipo mozungulira muli mawu okhudza amishoni, opha nyama mozemba, zikopa ndi minyanga. Wowerenga wa ku Makanjira kapena ku Mangochi, komwe malonda a minyanga ndi akapolo komanso kubwera kwa asilikali a Britain m'zaka za m'ma 1890 ndi mbiri ya pakhomo, sangavutike kumva zomwe chithunzichi chikunena. Mu Hollywood Africans, cha mu 1983, anadzijambula yekha ndi anzake awiri, Toxic ndi Rammellzee, pa chinsalu chachikasu, pakati pa mawu otchula nzimbe ndi fodya, mbewu zomwe akapolo ankalima, ndi ena odzudzula mbali zonyozeka zomwe anthu akuda ankapatsidwa m'mafilimu a ku America.

Nkhani ya apolisi anaiyamba msanga. Irony of a Negro Policeman, cha mu 1981, chimafunsa za munthu wakuda wovala yunifolomu ya boma lomwe limapondereza anthu a mtundu wake. Koma chomwe chinamugwedeza kwambiri chinachitika mu 1983. Usiku wa pa 15 Sepitembala, apolisi oyang'anira sitima za mumzinda anagwira Michael Stewart, wojambula wakuda wa zaka 25, pa siteshoni ya First Avenue, pomuganizira kuti amalemba pa khoma. Stewart anafika ku chipatala cha Bellevue atamangidwa manja ndi miyendo, ali ndi mabala, atakomoka. Sanatsitsimukenso, ndipo anamwalira pa 28 Sepitembala, patatha masiku 13. Apolisi 6 anaimbidwa mlandu, koma mu Novembala 1985 gulu loweruza la azungu okhaokha linawapeza osalakwa.

Stewart ankayenda m'magulu omwewo a ojambula ndi oimba omwe Basquiat ankayendamo, anali wakuda, wochepa thupi, wa tsitsi lopotana ngati lake, ndipo mlandu womwe anamugwirira ndi womwe Basquiat anachita kwa zaka zingapo osagwidwa. Anzake anasimba kuti ankangobwereza kunena kuti akanatha kukhala iyeyo. Anapita ku nyumba yomwe mnzake Keith Haring ankajambuliramo ndipo anajambula pa khoma penipeni chithunzi chomwe chimadziwika kuti Defacement, kapena The Death of Michael Stewart. Chikuonetsa apolisi awiri a nkhope zofiirira atakweza zibonga, ndipo pakati pawo pali munthu wakuda bii wopanda nkhope, wopanda chisoti, ngati chithunzithunzi chabe. Chithunzichi sanachijambule kuti agulitse. Haring posamuka anadula chigawo cha khomacho, nachiika mu felemu, ndipo chinali m'chipinda chake chogona mpaka pamene anamwalira mu 1990. Mu 2019 chinakhala mutu wa chionetsero ku Guggenheim Museum, chomwe anakonza ndi Chaédria LaBouvier.

Tsankho silinali nkhani ya m'zithunzi mokha. Ngakhale atatchuka, atavala suti ya Armani, m'thumba muli madola ambirimbiri, oyendetsa matakisi ku New York ankamudutsa osaima, ndipo m'masitolo ena alonda ankamutsatira pambuyo. Atolankhani ena ankakonda kumufunsa mafunso omuonetsa ngati munthu wakutchire amene luso langomugwera, m'malo momufunsa za mabuku ndi ojambula omwe anaphunzirako.

Andy Warhol

Basquiat ali mnyamata ankasirira Andy Warhol, yemwe panthawiyo anali wojambula wotchuka kwambiri ku America, ndipo nthawi ina anamugulitsapo positikhadi mu lesitilanti ku SoHo. Anadziwana bwino mu Okutobala 1982 kudzera mwa Bischofberger. Tsiku lomwelo Basquiat anathamangira kwawo n'kujambula nkhope zawo awiri, ndipo chithunzicho, Dos Cabezas, chinafika kwa Warhol patangopita maola ochepa penti ali wosauma. Mu 1983 anasamukira m'nyumba ya Warhol pa 57 Great Jones Street, momwe ankalipira lendi, ndipo anakhala momwemo mpaka imfa yake.

Pakati pa 1984 ndi 1985 awiriwa anajambulira limodzi zithunzi pafupifupi 160. Kawirikawiri Warhol ankayamba ndi chizindikiro cha kampani kapena mutu wa nkhani ya m'nyuzipepala, kenako Basquiat n'kujambula pamwamba pake, kufuta zina ndi kuwonjezera zake. Warhol, yemwe sankagwiritsa ntchito mankhwala oopsawa, ankamudzudzula pa nkhani ya heroin ndipo ankamulimbikitsa kuti azionana ndi abale ake. Nthawi yomweyi Basquiat anali atalowa kwa wogulitsa wina wotchuka, Mary Boone, ndipo pa 10 Febuluwale 1985 anaoneka pa chikuto cha The New York Times Magazine atavala suti koma wopanda nsapato.

Mu Sepitembala 1985 zithunzi zina zomwe anajambula ndi Warhol zinaonetsedwa kwa Tony Shafrazi. Chikalata choitanira anthu chinaonetsa awiriwa atavala magolovesi a nkhonya. Olemba nkhani ambiri sanachikonde chionetserocho, ndipo wina mu The New York Times analemba zosonyeza kuti Basquiat wasanduka kachidole kokometsera dzina la Warhol. Mawu amenewa anamupweteka kwambiri chifukwa anakhudza chomwe ankachiopa kuyambira kale, chakuti azungu a m'malonda a zaluso amamuona ngati chokongoletsera chabe. Anasiya kupita kwa Warhol, ndipo ubwenzi wawo sunabwererenso mwakale.

Ulendo wa ku Africa ndi imfa

Mu 1986 Basquiat anafika ku Africa, ulendo wake woyamba komanso womaliza. Zithunzi zake zinaonetsedwa ku Abidjan, m'dziko la Côte d'Ivoire, pa malo a zachikhalidwe a dziko la France, ndipo anapitanso kumpoto kwa dzikolo, ku Korhogo, kwa anthu a mtundu wa Senufo. Kumapeto kwa chakacho kunali chionetsero china chachikulu ku Hanover, m'dziko la Germany.

Warhol anamwalira mwadzidzidzi pa 22 Febuluwale 1987 atachitidwa opaleshoni ya ndulu. Imfayi inamufooketsa Basquiat, makamaka poti anali asanayanjanenso bwinobwino. Anayamba kudzitsekera m'nyumba, kukayikira aliyense, ndi kugwiritsa ntchito heroin wochuluka kuposa kale. Ankajambulabe, koma pang'ono. Kumayambiriro kwa 1988 anachita chionetsero ku Paris, komwe anakumana ndi Ouattara Watts, wojambula wa ku Côte d'Ivoire, ndipo anagwirizana zoti adzapitire limodzi kwawo kwa Watts chaka chomwecho. Mu Epulo anaonetsa zithunzi zatsopano ku New York kwa Vrej Baghoomian. Chimodzi mwa zithunzi zake zomaliza, Riding with Death, chilibe mawu ngakhale amodzi: pali munthu wakuda atakwera pa mafupa oyera okhaokha ngati wakwera bulu.

Pakati pa chakacho anapita ku Maui, ku Hawaii, kukayesa kusiya mankhwala, ndipo pobwerera ankauza anzake kuti wasiya. Pa 12 Ogasiti 1988 anapezeka ali chikomokere m'chipinda chake pa Great Jones Street, ndipo atathamangira naye kuchipatala madokotala anatsimikiza kuti wamwalira. Ulendo wa ku Côte d'Ivoire unali utatsala masiku owerengeka. Anaikidwa m'manda a Green-Wood ku Brooklyn. Pa 5 Novembala anzake anachita mwambo womukumbukira ku tchalitchi cha Saint Peter's ku Manhattan.

Pambuyo pa imfa yake

Ali moyo, ngakhalenso atangomwalira, si onse omwe ankavomereza kuti anali katswiri. Robert Hughes, mmodzi mwa olemba za luso otchuka a nthawiyo, analemba mu 1988 nkhani yomuchepsa, yonena kuti anali mnyamata wa luso lochepa amene amalonda anamukweza mopitirira. Ena, monga wolemba bell hooks mu 1993, anayankha kuti omuchepsawo ankayang'ana moyo wake ndi mtengo wa zithunzi zake, osawerenga zomwe zithunzizo zikunena za thupi la munthu wakuda ndi mbiri yake. Chionetsero chachikulu choyamba cha ntchito za moyo wake wonse chinachitika ku Whitney Museum mu 1992, ndipo china ku Brooklyn Museum mu 2005. Mu 1996 Julian Schnabel anatulutsa filimu yotchedwa Basquiat, momwe Jeffrey Wright anasewera ngati Basquiat ndipo David Bowie ngati Warhol. Mu 2010 Tamra Davis, yemwe anali mnzake, anatulutsa filimu ina yokhala ndi zokambirana zomwe anamujambula akadali moyo.

Mitengo ya zithunzi zake yakwera modabwitsa. Pa 18 Meyi 2017, pa okushoni ya Sotheby's ku New York, wamalonda wa ku Japan Yusaku Maezawa anagula chithunzi cha chigaza cha mu 1982, chopanda mutu, pa madola 110.5 miliyoni. Chithunzi chomwechi chinagulidwa pa madola 19,000 mu 1984. Panthawiyo panalibe wojambula wa ku America amene ntchito yake inagulidwapo pa mtengo wotere pa okushoni. Mu 2021 china, In This Case, chinapita pa madola 93.1 miliyoni. Zotsatira zake n'zakuti zithunzi zambiri zili m'manja mwa anthu olemera kwambiri, ndipo nyumba zosungiramo zaluso zomwe sizinagule mitengo ili yotsika tsopano sizingakwanitse. Anthu wamba ambiri amamudziwira pa malaya, nsapato ndi zipewa zokhala ndi chisoti cha nsonga zitatu chija, zomwe zina zimafika ndithu ndi m'mabelo a kaunjika. Mu 2021 chithunzi chake cha Equals Pi chinaoneka mu malonda a kampani ya zibangiri zodula ya Tiffany, pambali pa Beyoncé ndi Jay-Z, ndipo anzake ena akale anadandaula kuti munthu amene ankadzudzula dyera la achuma wasanduka chokopera ogula.

Mayi ake anamwalira mu 2008. Bambo ake ndiwo ankayang'anira chuma ndi zithunzi zomwe anasiya mpaka pamene anamwalira mu 2013, ndipo udindowu unapita kwa alongo ake awiri, omwe mu 2022 anakonza chionetsero chotchedwa King Pleasure ku New York, chokhala ndi zithunzi ndi katundu wa m'banja yemwe anthu anali asanamuonepo. Komiti yomwe inkatsimikizira ngati chithunzi ndi chakedi inathetsedwa mu 2012, ndipo zithunzi zachinyengo zakhala zikutuluka. Mu Juni 2022 apolisi a FBI analanda zithunzi 25 zomwe zinkaonetsedwa m'dzina lake ku Orlando Museum of Art, m'chigawo cha Florida. Chaka chotsatira munthu wina wa ku Los Angeles, yemwe kale ankachita malonda a okushoni, anavomera kuti iye ndi mnzake ndiwo anajambula zambiri mwa izo pa makatoni, zina m'mphindi zosakwana 30.